Liwiro la ku Joni

Kwathu kwa Dambe n'kovuta kupeza mudzi umene ulibe mwana ku Joni. Njira imeneyi anaitsegula ndi makolo athu nthawi ya Wenela, amuna akulembedwa kukakumba golide n'kubwerako ndi njinga, wailesi, jekete lalikulu ndi chifuwa chosatha. Atsibweni anga ndi mmodzi wa iwo. Anabwerako chaka chomwe ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, mu Epulo 1974, n'kupha Amalawi 74, Kamuzu n'kulamula kuti kulemba anthu a kumigodi kuime. Lero Wenela kulibe, koma njira ija sinamere udzu. Anyamata akupitabe, ena kukagwira m'mayadi, ena kukasoka, ena kukaphika. Mphwanga, mwana wa mayi aang'ono, iye amatsuka magalimoto.

Amatsuka magalimoto amene ife kuno timangowaona pafoni. Amadziwanso kuti ine ndi injini sitisiyana. Ndili ndi kapikapu kakale kamene kamatuta mtedza, soya ndi mabelo a fodya, ndipo ndikalowa pansi pake ndi sipanala ndimaiwala nsima. N'chifukwa chake zithunzi za Ferrari ndi Porsche ankatumizira ine pa WhatsApp, osati wina. Soya atatuluka bwino anandiimbira: "Achimwene, mukagulitsa mubwere mudzapumeko kuno. Ndakusungirani kanthu." Ndinafunsa kuti n'chiyani, anangoseka.

Tchuthi si chinthu chimene mlimi wa kwa Dambe amachidziwa. Munthu akatuluka m'dziko ndiye kuti akukasaka ndalama, akukaoda katundu ku Chipata, kapena kwagwa maliro. Nditanena kuti ndikungokacheza, ena anayamba kundifunsa kuti munda ndausiyira yani. Atsibweni anandiitana pakhonde, nandikumbutsa kuti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Mayi aang'ono anamanga ufa woyera, mtedza ndi mfutso wa nkhwani. "Ukamuuze adye za kwawo," anatero, "ndi kuti denga la kuno likudontha."

Ulendo wa ku Joni umayamba pa kabaza. Mnyamata wa njinga yamoto anamanga thumba la ufa kumbuyo, ine pakati, n'kumadumpha mizere imene ngolo zinasiya m'matope a dzinja, tsopano itauma gwa. Pa Kapiri tinapeza phula, ndi Sienta imene munali anthu atatu okha. Apa ndi pamene ndinayamba ntchito imene inandiperekeza mpaka ku Limpopo, ntchito ya kudikira. Sienta sinyamuka isanadzaze, ndipo kudzaza kwake si mipando isanu ndi iwiri imene anaikamo a ku Japan, koma mpaka dalaivala yemwe atakhala mopendekera. Komabe kudikira kwa kwathu sikukhala kwa wekha. Aliyense wolowa amati, "Mwadzuka bwanji nonse," ndipo tisanafike pa Kamwendo ndinali nditadziwa mtengo wa soya m'misika yonse yozungulira, ndi kuti mayi wa pambali panga akukazonda mwana ku Kamuzu Central. Pa Kamwendo minibasi, kudikiranso. Namitete, Msundwe, Mpingu, paliponse kuima, kutsitsa, kuitanira.

Basi ya ku Joni inanyamuka mu Lilongwe ndi pemphero. Bambo wina anaimirira pakati, napempha Mulungu kuti agwire chiwongolero pamodzi ndi dalaivala, ndipo Akhristu ndi Asilamu omwe anavomera. Anyamata opita koyamba anakhala chete, dzanja likugwiragwira pasipoti yatsopano m'thumba la malaya. Amayi a geni, amene amakaoda mabulangete ndi mafuta odzola, anavula nsapato n'kutsegula zikontena za mpunga ndi nkhuku. Mmodzi wa iwo anaona kuti ndine mlendo panjirayi. "Bambo, ndalama musasinthe zonse pa Dedza, ndipo botolo la madzilo musataye, ku Tete mukalifuna."

Pa Dedza panali mphepo yolowa m'mafupa ndi chipisi cha pachiwaya. Tsidya linalo, pa Calomue, chimasintha ndi mbendera ndi yunifolomu, anthu ake ndi omwewo. Wogulitsa nthochi anandipatsa moni wa Chichewa, nanditchulira mtengo m'Chipwitikizi. Minda ya kachewere ya ku Angónia itatha, dziko linayamba kutsika ndi kutentha. Mitengo inasanduka malambe okhaokha, mbuzi zikubisala pansi pake, kenaka milu yakuda ya malasha ya ku Moatize, kenaka Zambezi, wotakata moti munthu wa tsidya linalo sungamuzindikire. Pa Tete pali milatho iwiri, wakale wa Samora Machel wolenjekeka pa zingwe, ndi wa Kassuende umene anautsegula mu 2014 kuti malole asamapanikizane m'tauni. Ndinagula buledi wa chikhungwa cholimba amene iwo amati pão, ndipo botolo lija ndinalifunadi.

Ku Zimbabwe tinalowera pa Nyamapanda. Kumeneko kanthu kakang'ono kalikonse ndi dola ya America, ndipo kwa munthu amene kwacha yake inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dola si ndalama yongoponya. Basi itaima mu Harare ndinakagula sadza ndi nyama. Gogo wina amene ankapakula anatimva tikuyankhula, naika chipande pansi, naomba m'manja monga achitira Ashona. "Ndinu a kumudzi?" Bambo ake anachoka ku Kasungu kudzalima fodya m'mafamu a azungu, ndipo iye anabadwira komweko, Malawi sanamuonepo. Chichewa chake chinali cha agogo athu, chosasakaniza. Anandiwonjezera ndiwo, nakana ndalama yake. Ana a matchona ngati iyeyu ndi ambiri m'dzikomo. Ngakhale Alick Macheso, amene nyimbo zake dalaivala anatiyimbira mpaka ku Masvingo, bambo ake anali Mmalawi.

Pa Beitbridge tinafika usiku. Mbali ya Zimbabwe anaimanganso posachedwa, ndipo malole ali ndi nyumba yawo, mabasi yawo, magalimoto ang'onoang'ono yawonso. Mabasi anali ambiri, iliyonse ndi ngolo ya katundu woti atsitsidwe, aonedwe, akwezedwenso. Tinaima pamzere, tinakhala pazikwama, ena anagona pasimenti. Chapatali ndinkaona magalimoto a anthu eni akubwera, munthu n'kutsika ndi kachikwama kamodzi, posakhalitsa nyali zake zofiira n'kuwoloka Limpopo. Madalaivala a malole, amene amatha kugona pamenepo masiku, ankaphika pambali pa matayala. Tonse tinkapita kumodzi, koma nthawi yathu inali ya mitengo yosiyana. Akuluakulu anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, ndipo pamlathopo zinaonekeratu kuti sitinayambire limodzi. Mmalawi amaloledwa kulowa South Africa popanda viza kwa masiku osapitirira 30. Anyamata aja aliyense atadinditsa ankayang'anitsitsa chidindocho, kuwerenga masiku amene wapatsidwa.

Kuchoka pa Musina, msewu wa N1 unandilanda tulo. Ena ankaona mapiri a Soutpansberg ndi mapanga amene msewu umaboola, ine maso anali paphula. Palibe dzenje, palibe m'mbali modyeka, mizere yowala bwino, ndipo malire a liwiro ndi 120. Kumanzere kuli mzere wachikasu, ndipo lole ikaona galimoto yaliwiro kumbuyo imapatukira kuseri kwa mzerewo. Wodutsayo amaphethira nyali zonse zinayi kuthokoza, wa loleyo n'kuyankha ndi nyali za kutsogolo. Ndi moni wa anthu amene sadzaonananso nkhope, ndipo unandikhudza. Msewuwo amaulipira pazipata, Baobab, Capricorn, Kranskop ndi zina, ndipo ndalamayo imaoneka pansi pa matayala. Koma ndinaonanso kuti kwa maola ambiri sindinaone munthu woyenda pansi. Mbali zonse ndi waya. Msewu wathu wa M12 ndi msika, ndi njira ya ana asukulu, ya kabaza, ya ngolo, ya maliro. Anthu amakhala nawo. Wa N1 anaupatula kuti ukhale wa chinthu chimodzi, kufulumira, ndipo anthu anawachotsamo.

Pa Park Station mphwanga anandikumbatira, koma "Achimwene!" wake anali wa pansipansi. "Foni m'thumba, ndipo Chichewa tikayankhula kunyumba." Minibasi za kumeneko amazitcha matekisi ndipo zilibe kondakitala. Umaimika ndi chizindikiro cha zala chonena kumene ukupita, ndalama n'kumapatsirana kuchokera kumbuyo mpaka kwa amene wakhala pafupi ndi dalaivala, yemwe amawerenga ndi kubweza chenji ngakhale naye ndi wokwera. Palibe amene amaba, palibenso amene amacheza. Wolowa amati "Sanibonani," onse "Yebo," basi nkhani yathera pomwepo.

Mphwanga amakhala ku Diepsloot, mumkhukhu wa malata umene amalipira lendi. Ukayenda pang'ono wafika pa mipanda ya Dainfern ndi Steyn City, kumene kumagona magalimoto amene iye amatsuka. Kunali kuzizira kumene sindinakumvepo, udzu wonse wofiirira, utsi wa malasha ndi parafini uli tolo madzulo. Anandigulira kota, chigawo cha buledi chokumbidwa m'kati n'kuthiramo chipisi, poloni ndi acha wa mango. N'chokoma ndipo n'chotsika mtengo kuposa mbale ya mu Harare, koma si chakudya chogonera. Usikuwo tinaphika nsima ya ufa wa mayi aang'ono ndi mfutso wotendera, ndipo fungo linaitana anyamata a ku Mangochi, a ku Mzimba ndi a ku Nkhata Bay. Kwathu akanakhala Myao, Mngoni ndi Mtonga. Kuno onse ndi a kumudzi. Pa nsimapo m'pamene ndinamva chifukwa cha mawu apansipansi aja. Amakumbukira 2008 ndi 2015, pamene alendo anathamangitsidwa boma la Malawi mpaka kutumiza mabasi, ndi Epulo 2022, pamene munthu wa ku Zimbabwe anaphedwa mu Diepsloot momwemo ndi gulu lofunsa mapepala. Ambiri mwa iwo masiku a m'pasipoti anatha kalekale, ndipo dzina la Lindela, kumene amasungira oti abwezedwe kwawo, amalitchula mosaseka. Mphwanga ndi mmodzi wa iwo.

Anzake atapita anatulutsa pepala m'Baibulo. Kampani ina imabwereka bwalo la mpikisano masiku ena, n'kubweretsa magalimoto othamanga kuti munthu wamba alipire, ayendetse mozungulira kangapo ali ndi mlangizi pambali. Pepalalo linali ndi dzina langa. Nditaona mtengo wake mtima unandipweteka, pakuti unali wokwana malata a mbali imodzi ya denga.

"Iwe, mayi kumudzi akugona ndi mabeseni, ndiye uziwotcha ndalama chonchi?"

"Ya malata ndinatumiza kale pa Mukuru, achimwene. Iyi ndi ina, ndakhala ndikusunga ya matipu." Anakhala chete pang'ono. "Zaka zonsezi ndikugwira magalimoto amenewa. Ndimadziwa fungo la m'kati, ndimadziwa pamene fumbi limabisala. Koma akamathamanga m'katimo mumamveka bwanji, sindidziwa. Ine ndilibe laisensi, ndipo pepala lawo sindingasaine. Inu muli nayo, pasipoti yanu ili ndi masiku. Mukayendetse, mudzandiuze."

Sindinatsutsenso.

Bwalo limene dziko lonse limalidziwa kumeneko ndi Kyalami, ku Midrand, limene linatsegulidwa mu 1961. Jody Scheckter, mwana wa dzikolo, anapambanapo mpikisano wa Formula One mu 1975, asanakhale katswiri wa dziko lonse ndi Ferrari mu 1979. Mpikisanowo unachitikapo komaliza mu 1993, ndipo kuyambira pamenepo sunabwerenso mu Africa monse, ngakhale Lewis Hamilton wakhala akuupempherera poyera. Lathu linali laling'ono, la Zwartkops, kufupi ndi Pretoria m'mbali mwa msewu wa R55, lotalika makilomita 2.4 kuzungulira kamodzi. Phokoso tinalimva tisanafike pachipata.

Anaona laisensi ndi pasipoti, ndinasaina kuti ndikudziwa kuti masewerawa akhoza kupha, nandipatsa chisoti. Mlangizi anali mzungu wa imvi, wa manja olimba, wansangala. Atamva kuti ndine wa ku Malawi nkhope yake inawala. Anati Amalawi ndi anthu okhulupirika, ndipo bambo ake anakhala ndi Mmalawi wosamala maluwa kwa zaka zambiri, ngati wa m'banja. Ndinamufunsa kuti munthuyo kwawo kunali boma liti. Anaganiza, napukusa mutu. Ananena zimenezi ndi mtima wabwino, ndipo ndinazilandira choncho, koma zinandilasa. Kwathu mlendo akagona usiku umodzi timakhala titadziwa mudzi wake, mfumu yake ndi mfunda wake.

Galimoto inali Lamborghini Gallardo LP 560-4, yachikasu, yosafika pachifuwa panga. Injini ili kuseri kwa mipando, ya masilinda khumi ndi malita 5.2, ndipo matayala onse anayi amakoka. Ine ndinazungulira ndikuona kukula kwa mabuleki ndi kufupika kwa mimba yake ndi nthaka. Chikhatho changa chopingasa chinangokwana. Mphwanga anawerama n'kuyang'ana penti mopingasa ndi dzuwa. "Amene amatsuka iyi amagwiritsa nsalu ya mchenga," anandinong'oneza. "Taonani timizere tozungulirato." Ine sindinaone kanthu mpaka atandilozera ndi chala, osakhudza.

Pamphuno pake pali chithunzi cha nkhunzi, ndipo mbiri ya dzinali iyenera kumveka kwa mlimi. Ferruccio Lamborghini anabadwa mu 1916 m'banja la alimi a mphesa kumpoto kwa Italy. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha anayamba kutola zitsulo za magalimoto a asilikali n'kumapanga mathirakitala, pakuti alimi ankawafuna, ndipo chuma chake chinachokera m'munda. Amati anagula Ferrari, kilatchi n'kumamuvuta, ndipo atakadandaula kwa Enzo Ferrari anamuyankha monyoza kuti abwerere ku mathirakitala ake. Mu 1963 anatsegula fakitale yake ya magalimoto ku Sant'Agata Bolognese. Patapita zaka anagulitsa kampani ya magalimotoyo n'kubwerera kukalima mphesa. Kampaniyo inagulidwa ndi Audi mu 1998, ndipo Gallardo anaipanga kuchokera 2003 mpaka 2013. Poganiza kuti chinthu chachikasuchi chinabadwa kwa munthu wa mathirakitala, pamene kwa Dambe tikupalirabe ndi khasu, sindinadziwe ngati ndinyadire mlimi mnzanga kapena ndilire.

Kulowamo kumafuna kupinda thupi lonse, ndipo ukakhala zimakhala ngati wakhala pamphasa, miyendo itatambasuka kutsogolo. Chopondera kilatchi palibe. Magiya amasinthidwa ndi tizitsulo tiwiri kuseri kwa chiwongolero, ka kumanja kukweza, ka kumanzere kutsitsa. Mlangizi anandiuza kuti dera la Johannesburg lili pamwamba, mamita oposa 1,500 kuchokera kunyanja ya mchere, mpweya ndi wopepuka, moti injini ngati iyi imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi a mphamvu yake. Nditaliza, phokoso linachokera kumsana n'kulowa m'nthiti. Ndinadzifunsa kuti nanga ya mphamvu zonse imakhala yotani.

Poyamba ndinayenda mwaulemu, iye akundionetsa tizipilala tapulasitiki: apa pondani mabuleki, apa yambani kukhota, apa gundani m'kati mwa kona, apa tulukani. Malamulo ake anali ochepa. Mabuleki amapondedwa galimoto ili chowongoka, isanalowe m'kona. Manja onse awiri asachoke pachiwongolero. Koma mawu amene anabwereza kwambiri anali akuti, "Kwezani maso." Apa m'pamene ndinadziwa chimene misewu ya kwathu inandiphunzitsa osandiuza. Dalaivala wa kwa Dambe amayang'ana pansi, pafupi ndi matayala, kusaka dzenje, mwala, mbuzi, mwana. Maso amenewo apulumutsa anthu ambiri, ndipo sindiwanyoza. Koma pabwalo paja ukayang'ana pafupi, kona imakupeza usanakonzeke. Uyenera kuona kutali, kumene ukufuna kukafika, n'kukhulupirira kuti pakatipa palibe chokudikira. Chikhulupiriro chimenecho ndicho chinandivuta kuposa chiwongolero.

Titatuluka kona yolowera kumzere wowongoka anakuwa, "Tsopano! Mpaka pansi!" Ndinaponda moto. Msana unamatirira kumpando kuti nji, mutu unabwerera m'mbuyo, kung'ung'udza kuja kunasanduka kukuwa kwakuthwa. Ndinakoka kachitsulo ka kumanja, galimoto inandigunda kamodzi kumsana n'kuyambanso kukoka mwatsopano. Mpanda, anthu, mbendera, zonse zinasungunuka m'mbali, kutsala kamsewu kokha kakuthamangira kwa ine. Ndinadzimva ndikufuula m'chisoti. Kenaka, "Mabuleki! Mwamphamvu! Onjezani!" Ndinaponda monga sindinapondepo, lamba anandigwira pachifuwa, magazi anathamangira kumaso, ndipo liwiro lonse lija linazimirira pakamtunda kochepa, galimoto osapotoka ngakhale pang'ono. Kuthamanga ndinkakuyembekezera. Kuima kotero sindinkadziwa kuti kuliko. Munthu amene wakhala akupopa mabuleki kawiri potsetsereka ndi mabelo kumbuyo amadziwa mtengo wa chinthu chimenecho.

Mlangizi anati tinapitirira pang'ono 170. Galimotoyo imatha kufika 325, koma bwaloli n'lalifupi. Nditatuluka miyendo inkanjenjemera, ndipo chimwemwe chimene ndinali nacho chinali chenicheni, cha mwana. Sindichibisa. Anthu amene anapanga chinthu chimenechi anachipanga ndi luso lonse limene Mulungu anawapatsa, ndipo kuchigwira ndi manja ako n'chinthu chokoma.

Ndikumwa madzi m'pamene ndinaona ambulansi. Inaima pamthunzi pafupi ndi polowera, ogwira ntchito ake awiri atakhala pambali, akudikira ngozi imene sinachitike tsiku lonse. M'makona munali anthu a mbendera, kunja kwa phula kunali miyala yaing'ono ndi milu ya matayala yoti igwire wosochera. Ndinazindikira kuti liwiro lija silinali langa, silinalinso la injini yokha. Analimanga ndi anthu ambiri: oyala phula, osesa, otchinga mpanda, okhala tcheru. Galimoto imeneyi mutaiika pa Kapiri, ingakhale pa hampu yoyamba. Kumudzi kwathu singafike n'komwe, ndipo mafuta atasowa ingaime pamzere ndi zigubu monga ina iliyonse. Koma chimene chinandiwawa si chimenecho. Ndinakumbukira Febuluwale wa kwathu, madambo atadzaza, mayi wa pakati atagonekedwa m'ngolo usiku, ng'ombe zikumira m'matope kulondola kuchipatala cha Kapiri. Kapikapu kanga kanyamulapo otere, ndipo si onse amene ndinafika nawo nthawi yabwino. Kumene liwiro ndi masewera, ambulansi ikudikira munthu. Kumene liwiro ndi moyo, munthu ndiye amadikira. Sindikuti a ku Zwartkops aleke kusewera. Ndikuti makilomita ochepa a msewu wa miyala wokwezedwa bwino, ndi milatho yaing'ono pamadambo, zingapatse anthu a kwa Dambe liwiro limene akulisowa, ndipo si zinthu zochokera ku Italy.

Mphwanga anaonera zonse atagwira waya wa mpanda, foni ili m'mwamba. Pobwerera sanandipatse mpata. "Kumbuyo kumaterereka? Giya ikamalowa imapweteka? Phokoso m'kati ndi lofanana ndi la kunja? Chiwongolero chimalemera mukathamanga?" Ndinayankha chimodzichimodzi, mosamala, pakuti ndiyo inali ngongole yanga. Ndinamuuza za maso, za lamba, za m'mimba mmene mumatsalira m'mbuyo. Pamene mawu anandithera ndinamugwira pachifuwa n'kumukankhira kumpando. Anatseka maso, nagwedeza mutu.

M'mawa mwake ndinamuperekeza kuntchito, kukadali mdima, madzi a m'ndowa akuluma zala. Galimoto yoyamba inali Ferrari yofiira. Anatenga ndowa ziwiri, ina ya sopo, ina yotsukuluzira nsalu, kuti kamchenga kamene kachoka pagalimoto kasabwererenso. Anayamba ndi matayala, ndi nsalu yakeyake. Kenaka kuchokera padenga kutsika, dzanja likuyenda mowongoka, osazungulira. Padzuwa satsukira, pakuti madzi akauma okha amasiya mawanga. M'timipata ta zitseko anapemerera ndi mpweya. Atamaliza anayala pepala pansi ndi pulasitiki pampando, nalowa, naliza. Ferrari inabangula, iye naiyendetsa pang'onopang'ono kuchoka potsukira kufika pamthunzi, mtunda wosakwana kuchoka pakhomo kupita pankhokwe, nazimitsa. Mwini wake anabwera akuyankhula pafoni, anaizungulira kamodzi, anakweza chala chachikulu, nasiya tipu.

Lamulo la kumeneko limati wopitirira masiku ake ndi mwezi, akatuluka amaletsedwa kulowanso zaka zisanu. Mphwanga amadziwa kuti tsiku limene adzawoloke Limpopo ndiye kuti wabwereratu, n'chifukwa chake akufuna adzabwere ndi chogwirika.

"Achimwene, mukafika mukandifunsire mtengo wa sukulu ya galimoto ku Lilongwe, ndi wa laisensi yonyamula anthu. Mukafunsenso pa Kapiri ngati pali malo a pafupi ndi mjigo kapena mpopi. Masienta onse aja amatsukidwa kudambo ndi sopo wochapira zovala, penti ikutha."

Ndinamulonjeza. Porsche yakuda inali italowa kale pachipata. Anandiponyera nsalu ndi burashi. "Inu gwirani matayala, ine ndiyambe pamwamba."